Mbawa ya Swaibu ku Chamabwato

Kuyambira ku Liwaladzi mpaka kukafika padoko la Kota Kota panalibe msodzi wosadziwa dzanja la Swaibu. Bwato losema iye munkalizindikira likadali kutali, chifukwa linkadula mafunde a mwera mosagwedera. Koma chodabwitsa n'chakuti mmisiri ameneyu, amene anasemera mabwato pafupifupi mudzi uliwonse wa m'mbali mwa nyanja, ankayendera bwato lomvetsa chisoni kuposa onse. Linali lakale, lopindika kumphuno, lodzaza zigamba za nsanza ndi utomoni, ndipo wokweramo ankagwira chikho chokapira madzi nthawi yaitali kuposa nkhafi.

Mkazi wake, Tatu, sankalola kuti nkhani imeneyi igone.

"Bambo a Sofiya, limeneli ndi bwato kapena lichero? Tsiku lina mudzafika pano chosambira, chambo chili kukamwa."

"Lekani zimenezo, amake Sofiya," Swaibu ankayankha uku akukanikiza nsanza pamng'alu. "Bwato langa lilipo. Likadali chilili kuphiriko, likunenepa."

Sankanama. Kumtunda, ulendo wa theka la tsiku kuchokera kunyanja, kunali kamtsinje kotchedwa Chamabwato, ndipo m'mbali mwake munali mbawa zimene anthu a mudzi wa Swaibu ankasemapo mabwato. Mitengo imeneyi sinali yongotola m'tchire ayi. Uliwonse unali ndi mwini wake, ndipo unkachoka kwa malume kupita kwa mwana wa mlongo wake, monga unkayendera munda. Munthu sankadula mtengo umene anayamba kuusamala yekha, pakuti mbawa sifulumira. Ankadula umene anamusiyira amalume ake, ngati wakhwima, iye n'kumasamala wina woti adzasiyire mphwake. Lamulo lake linali limodzi, ndipo ngakhale munthu wogontha mutu ankalidziwa: usanaike nkhwangwa pa mbawa yaikulu, uyambe waonetsa anthu ina yaing'ono, yamoyo, yonenepa ngati ntchafu ya munthu wamkulu, yoti idzalowe m'malo. Popanda imeneyo, nkhwangwa ibwerere kumudzi.

Ha, masiku amenewo kunali kukoma! Mpunga ukatha kumweta, udzu usanaumitsitse, mudzi wonse unkakwera ku Chamabwato. Amuna ndi makasu paphewa, akazi ndi zipanda za thobwa ndi usipa wouma, a kumzikiti ndi a kumishoni njira imodzi, akunyozana za amene ali waulesi kuposa mnzake. Banja lililonse linkalambula bwalo mozungulira mitengo yake, kenaka onse pamodzi ankapala mseu waukulu mbali ya kunyanja kuti moto wochokera kuminda usadutse. Akatero ankayatsa moto wawo wa mwezi wozizira, umene umangonyambita udzu n'kuzima wokha ndi mame. Moto wolusa wa mu Okutobala ukamabwera unkapeza chakudya chake chitadyedwa kale.

Pa maulendo amenewa m'pamene Swaibu anaphunzirira za chingwe. Amalume ake, a Habibu, anali ndi chingwe chopota chimene ankayezera mimba ya mbawa yawo. Zaka zingapo zikapita ankamanga mfundo yatsopano pamene chingwecho chakumanirana. Chingwe chikayamba kufumbwa ankapota china n'kusamutsirapo mfundo zonse, imodziimodzi, osasiyako. Mfundo zoyambirira zinali za amalume awo a Habibu, munthu amene Swaibu sanamuonepo n'komwe, koma ankadziwa kutalika kwa mkono wake chifukwa cha chingwecho. A Habibu atatsala pang'ono kumwalira anamuitana n'kumupatsa chingwecho m'manja.

"Mtengo uja wakhwima, mphwanga. Ine ndaulera, iwe ukadule. Usachedwe nawo."

Ndipo apa m'pamene panali vuto la Swaibu. Anachedwa nawo. Chaka chilichonse ankaima patsinde pa mbawa ija, n'kukweza maso mpaka kofiya kugwa kumutu, n'kunena kuti, "Chaka chimodzi chokha." Ankafuna bwato loti likwere amuna asanu ndi atatu pamodzi ndi khoka, loti anthu a padoko adzasiye kutsitsa katundu n'kumaliyang'ana. Kunena zoona kunalinso china chimene sankauza munthu. Ankaukonda mtengowo. Ankauona bwino lomwe m'maganizo mwake utasanduka bwato, mphuno apa, mchira apo, koma tsiku loti augwetse likayandikira mtima wake unkachita ulesi. Panthawi imeneyi anali atasankha kale mbawa ina yaing'ono chakumunsi kwa mtsinje, yoti idzakhale ya Abasi, mwana wa mlongo wake Rukiya, ndipo nayo ankailambulira chaka ndi chaka.

Nkhondo yachiwiri ya azungu isanayambe, kunabwera anthu ndi maunyolo oyezera dziko. Anati phiri lonse likhale nkhalango yosungidwa, yopanda nkhwangwa, yopanda uta, yopanda moto. Pofuna poti aike malire anaona mseu uja umene mudzi unkapala chaka chilichonse, wowongoka bwino, woyera, ndipo anakondwa kuti wina wawachepetsera ntchito. Anakhoma zikhomo zawo m'menemo. Motero anthu a mudziwo anapezeka kuti adzilembera okha malire ndi makasu awo, mitengo yawo yonse ili tsidya lina.

Pa alonda amene analembedwa ntchito yoyendera malirewo panali Kalilu, mwamuna wa Rukiya, bambo wake wa Abasi. Anali munthu wamtali, wodekha, wokonda kutafuna kamtengo. Tsiku limene anavala yunifolomu Swaibu anamuzungulira kawiri ngati akuyeza chipika.

"Alamu, ndiye mwasanduka galu wolondera nkhokwe yanga yomwe?"

"Galu ameneyu ali ndi maso ofooka, alamu," anatero Kalilu. "Nkhwangwa amaiona. Khasu saliona kwenikweni."

Swaibu anamva. Chaka chimenecho, udzu utayamba kufiira, anakwera yekha ndi khasu lake. Analambulira mbawa yaikulu, n'kutsika kukalambulira ya Abasi, n'kubwerera dzuwa lisanalowe. Anachita zimenezi chaka chotsatira, ndi chinacho, mpaka zinakwana zaka khumi ndi chimodzi. Poyamba ena ankazemba naye, koma mantha ndi ukalamba zinawatha mmodzimmodzi. Anyamata nawo anali atatengeka ndi ulendo wa kumigodi ya ku Joni ndi kumafamu a ku Halale. Abasi yemwe anapita, n'kumangotumiza kalata mwa apo ndi apo yonena kuti abwera chaka cha mawa. Udzu wa ku Chamabwato unakula mpaka kumiza munthu, ndipo moto wa mu Okutobala, umene lamulo linkati usayake, unkayaka ndithu popanda kupempha chilolezo kwa aliyense. Swaibu ankaona mbawa zazing'ono za mabanja ena zikusanduka zitsa zakuda, ndipo zinkamuwawa ngati akudutsa pamanda pa anzake.

Chaka cha khumi ndi chiwiri msana unamukana. Anafika ku Chamabwato akupuma ngati wathamanga, ndipo anadziwa kuti mphamvu zimene ali nazo n'za bwalo limodzi lokha. Anaima pamphambano ya tinjira, kumanja kokwera kwa mbawa yaikulu, kumanzere kotsika kwa ya Abasi. Miyendo yake inasankha yokha. Anakwera. Analambula bwalo lalikulu, loyera ngati pakhomo pa mkazi waukhondo, kusiyamo tokha timbande ta mbawa timene tinamera m'menemo. Za mtengo wa Abasi anati adzabweranso sabata yamawa. Sabata yamawayo anagona pamphasa, Tatu akumuthowa msana ndi madzi otentha uku akumukalipira.

Bwalo limenelo ndi limene linamuululitsa. Kunali kutabwera mzungu watsopano woyang'anira nkhalango, amene anthu anamutcha Bwana Masokosi chifukwa cha masokosi ake ofika m'mawondo ngakhale dzuwa liswe mtengo. Poyendera phiri anapeza malo opalidwa bwino pakati pa tchire, ndipo anafunsa Kalilu kuti ndani amalima munda wopanda mbewu. Kalilu anatafuna kamtengo kake mpaka kanatha, kenaka ananena zoona.

Swaibu anapita ku boma atavala mkanjo wake wa Lachisanu, atatsanzika Tatu ngati wopita kundende. Anafotokoza zonse kudzera mwa womasulira: za amalume, za moto wozizira, za chingwe. Mzungu uja anatenga chingwecho n'kumawerenga mfundo ndi chala, n'kufunsa mafunso ambirimbiri onga a mwana. Pomaliza analemba kalata n'kudindapo chidindo. Womasulira anati kalatayo ikuloleza Swaibu kudula mtengo umodzi, umenewo basi, koma audule mvula yoyamba isanagwe, chifukwa bwanayo akusamukira kwina ndipo wobwera pambuyo pake sangadziwe za nkhaniyi.

Munthu wamkulu uja anabwerera kumudzi akuyenda ngati mnyamata wopita kukafunsira mbeta. Msana unaiwala kuti umapweteka. Ananola nkhwangwa ziwiri ndi kasemasema wake, anakambirana ndi amuna oti adzakoke bwato kuchokera kuphiri, ndipo Tatu anamiza chimera cha thobwa la okokawo. Nkhalamba zimene zinatsala zinayamba kukumbutsana nyimbo zokokera bwato, zikukangana za mawu amene zinaiwala. Kwa masabata atatu mudzi unakhala ngati wabwerera m'masiku akale. Pa chisangalalo chonsecho, ngakhale usiku wina kuphiri kunaoneka kufiira, Swaibu sanaganizeko za kanjira kakumanzere kaja.

Kutatsala tsiku limodzi kuti agwetse mtengo, anakwera ndi Kalilu kuti akachite mwambo woonetsa mbawa yolowa m'malo. Kale mwambo umenewu unkachitika pamaso pa khamu. Tsopano mboni inali imodzi, yovala yunifolomu. Atangodutsa zikhomo za malire analowa m'lupsa, phulusa likufuka m'mapazi. Swaibu anatsogola. Pamphambano paja anakhotera kumanzere, ndipo anayamba kufulumira.

Mbawa ya Abasi inali chilili, koma inali itafa. Udzu wautali umene sanaupale unali utaiwotcha kuyambira patsinde mpaka kunsonga. Khungwa linali litang'ambika, ndipo Swaibu atalikanda ndi chikhadabo kufunafuna pobiriwira, linangoyoyoka. Mtengo umenewu anausamala zaka zoposa makumi awiri. Unali utapitirira kale ntchafu ya munthu.

Anakhala pansi paphulusa pomwepo. Manyazi amene anamva sanawamvepo chibadwire.

"Alamu," anatero, "ndaupha ndine mtengowu."

"Waupha ndi moto," anayankha Kalilu.

"Moto ulibe maso. Ine ndinali nawo. Waukulu uja khungwa lake ndi lochindikala ngati chitseko, moto ungauchite chiyani? Sunkafuna khasu langa n'komwe. Wofuna khasu unali uwu. Koma ine ndinathamangira wanga, ndinasiya wa mwana."

Anafunafuna m'mbali monse mwa mtsinje kuti mwina pali mbawa ina yaing'ono yopanda mwini imene yapulumuka. Panalibe. Zazikulu zochepa zinalipo, zakuda kutsinde koma zamoyo. Zapakati zonse zinali zitatha zaka zapitazo. Dzuwa lili pamutu anafika pa mbawa yaikulu ija. Bwalo la Swaibu linali litagwira ntchito yake, moto unalekera m'mphepete, ndipo mkatimo munali mthunzi wozizira ndi timbande tisanu ndi tiwiri, tobiriwira, totalika kufika m'bondo.

Kalilu analavula kamtengo kake.

"Tamverani, alamu. Kalata muli nayo. Akuluakulu amene akanakufunsani za ntchafu onse ali kumanda. Ine ndine mboni, ndipo ndikanena kuti ndaona mbawa zisanu ndi ziwiri zamoyo. Kodi ndikhala nditanama?"

"Zimenezi ndi ntchafu za nkhuku."

"Zidzakula."

"Ukagwa uwu uziphwanya zonse. Ndipo zikapsa, mbewu ina idzachokera kuti, mayi wake nditamusandutsa bwato?"

"Nanga kuti zifike ntchafu ya munthu n'zaka zingati?"

"Khumi ndi zisanu, Mulungu akalola."

Panalibe chifukwa chowerengera pamodzi zaka za Swaibu. Kalata inali ya mvula isanagwe, ndipo mitambo inali itayamba kale kusonkhana tsidya la nyanja.

Swaibu anaimirira n'kuzungulira mtengowo pang'onopang'ono, dzanja lili pakhungwa. Analiona bwato lake lonse mmenemo, monga ankalionera kuyambira ali mnyamata. Ankadziwa pamene akanayambira kuboola, ankadziwa mbali imene ikanakhala pansi, ankamva ndi fungo lomwe la zipalapala zofiira zikuuluka pa kasemasema. Palibe chinthu padziko chimene anachilakalakapo ngati bwato limenelo, ndipo palibe amene akanamuletsa. Anakumbuka a Habibu atagwada pamalo omwewo, akupala udzu ndi manja otupa, akudziwa bwino lomwe kuti iwo sadzakwera bwatolo. Anakumbukanso mwini mfundo zoyamba uja, amene anapalira munthu woti sadzamuona. Anthu awiriwo sanadyepo kanthu pamtengowu. Iye yekha ndiye anafuna kudya zonse, osasiyako.

Anatulutsa chingwe m'thumba.

"Gwirani uku, alamu. Ndimange mfundo yanga yomaliza."

Kalilu anagwira nsonga imodzi patsinde, Swaibu n'kuzungulira ndi inayo. Atafika pamene anayambira, nsonga ziwirizo zinakana kukumana. Panatsala mpata wa chikhatho chimodzi. Anakoka, koma chingwe chinali chitatha. Swaibu anayamba kuseka, ndipo kusekako kunasanduka china chimene Kalilu anachita ngati sakuchiona.

"Wakula kuposa chingwe cha amalume," anatero Swaibu akupukuta m'maso ndi kofiya. Anachikulunga bwinobwino n'kuchiika m'manja mwa Kalilu. "Abasi akadzabwera mudzamupatse. Mudzamuuze apote chotalikirapo, ndipo asamutse mfundo zonse, asasiyeko. Waukuluwu ndi wake tsopano. Adzadule timbandeti tikadzafika ntchafu. Mudzamuuzenso kuti amalume ake anali chitsiru, polambula aziyambira waung'ono."

Kalilu anayang'ana chingwecho nthawi yaitali. Mwa mwambo, iye analibe gawo pamitengo ya banja la mkazi wake. Anali mkamwini chabe.

"Nanga mpaka adzabwere, azipala ndani? Msana wanuwo sukweranso phiri lino."

Swaibu anatembenukira ku timbande tija.

"Khasu lanu lija mudzandisiyire," anatero Kalilu. "Ndimadutsa pano kawiri pamwezi. Galu uja wakalamba, maso ake afookeratu."

Atatsikira kunyanja anapeza amuna atasonkhana pansi pa mtengo wa mango, zingwe zokokera zili mulu, mitsuko ya thobwa itafoleredwa ndi masamba a nthochi. Swaibu anaima pakati pawo n'kunena zonse mosabisa, ndi za kanjira kakumanzere komwe. Ena mwa achinyamata anang'ung'udza kuti nkhalamba yapenga, kutaya mwayi woti sudzabweranso chifukwa cha lamulo la anthu akufa. Koma a Fakiri, amene anali wamkulu kuposa onse ndipo mbawa zawo zinapsa kalekale, anangoti, "Thobwali timwe ndithu. Mwini wake wasunga mwambo." Anamwa, ndipo nkhalamba zinaimbako nyimbo imodzi yokokera bwato, popanda chokoka.

M'mawa mwake Swaibu anapita kumchenga n'kutembenuza bwato lake lakale. Mng'alu wa kumphuno unali utakula, dzuwa likuonekera mbali inayo. Anakoleza kamoto kosungunulira utomoni, kenaka anafunafuna nsanza m'dengu n'kupeza kuti zinatha, popeza m'masabata atatu aja panalibe amene anaganiza zosunga nsanza.

Anamva mapazi kumbuyo kwake ndipo anadziwa kuti ndi Tatu. Anaweramitsa mutu kudikira za lichero, chifukwa tsiku limeneli zinali zomuyenera. Koma Tatu anabwera ndi zina. Anakhala pamchenga pambali pake, anatambasula nsalu yake ya biriwita, imene anaisungira tsiku lokalandira bwato latsopano, n'kuiluma m'mphepete ndi mano. Anaing'amba mzere woyamba n'kumupatsa.

"Kanikizani bwino, bambo a Sofiya," anatero. "Liyenera kutifikitsa patali limeneli."